Mafani akuzungulira koma sikirini bii: workstation yakale ikanyanyala mutaipanga upgrade

Nkhani yake imakhala imodzimodzi pafupifupi kwa aliyense amene wagula workstation, kompyuta yamphamvu ya ntchito zolemera, ya second hand kuti azisewera nayo, kaya ndi HP Z420 kapena Z440, kaya Dell Precision T3600 kapena T5810, kaya Lenovo ThinkStation. Makina abwera akuyaka bwinobwino, inu mtima dyokodyoko mwapeza RAM yambiri, CPU ya ma core 12, khadi la graphics, SSD, zonse mwasomeka tsiku limodzi, mwatseka chivundikiro, kudina batani... mafani vuuu, kagetsi kayaka, koma sikirini bii. Olo ka logo osaoneka.

Apa ambiri amathamangira kunena kuti motherboard yapsa kapena wogulitsa uja ndi wakuba. Zimachitika ndithu koma si kawirikawiri. Makina amenewa anawapangira mainjiniya ndi ojambula mapulani kuti azigwira ntchito usana ndi usiku, sapsa wambawamba. Chomwe ali nacho ndi makani. Amasankha RAM, amasankha CPU, power supply yawo ndi yawoyawo yosafanana ndi ya kompyuta wamba, ndipo BIOS yake, ka pulogalamu ka pa motherboard koyambitsa makina, imafuna zinthu zikhale mmene fakitale inakonzera. Nde nthawi zambiri palibe chomwe chafa, pali zinthu ziwiri zamoyo zimene sizikumvana, ndipo poti mwasintha zinayi nthawi imodzi simungadziwe kuti ndi ziti.

Musanamasule screw olo imodzi

Dikirani kaye, sindikuseka. Ma workstation a Xeon mukawasinthira RAM amayamba ayesa ka RAM kalikonse, kuona liwiro lake nkukonza ma timing, ndipo RAM ikakhala yambiri ngati 64GB kapena 128GB zimatenga kanthawi sikirini ili yakuda, nthawi zina makina amathima okha nkuyakanso okha kawiri katatu. Wosaleza mtima amazimitsa pakatikati, kuyatsanso, ntchito ija nkuyambiranso poyamba, iye nkumati basi yafa. Ipatseni mphindi 5 musanagamule mlandu.

Kenako chingwe cha sikirini. Ma Xeon E5 alibe graphics ya mkati, popanda khadi simudzaona kanthu olo mutadikira chaka. Ngati khadi lilipo ndipo mwalumikiza pa DisplayPort, yesani HDMI kapena DVI. Makhadi ena a Nvidia a GTX 900 ndi GTX 10 ali ndi chizolowezi chosaonetsa kanthu pa DisplayPort mpaka Windows itatseguka, moti Nvidia inatulutsa ka firmware kokonzera zimenezi. Kukhala ngati kompyuta yafa chonsecho ikuyenda, inu simukungoiona.

Zikakanika, zulani chingwe cha magetsi, dinikizani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 20 kapena 30 kuti magetsi otsalira mkati athe, somekaninso muyese. Ndipo ngati muli ndi Dell, dziwani kuti ena ngati Precision 5820 sayaka nkomwe chivundikiro cha m'mbali chili chotsegula, pali ka switch kamene kamayenera kudinikizika.

Zonsezi zikalephera bwezerani zakale. CPU yakale, RAM yakale, khadi la graphics lakale lomwe linabwera ndi makina, mmene zinabwerera. Nchifukwa chake zinthu zimenezi sitigulitsa msanga, ndi mboni zanu. Ikayaka ndi zakale mwadziwa kuti motherboard ndi power supply zili moyo, ndiye muyambe kulowetsa zatsopano chimodzichimodzi, kuyatsa pakati paliponse. Nzotopetsa inde, koma njira ina yachidule palibe.

Makina amanena okha vuto lake

Pa ma HP Z a nthawi imeneyi getsi la batani limasanduka lofiira nkumaphethira, komanso ka speaker kamalira, kenako kupuma masekondi awiri nkuyambiranso. Werengani. Kawiri ndiye kuti CPU yatentha, katatu CPU sikuoneka kapena sinakhale bwino, kanayi ndi vuto la magetsi, kasanu ndi RAM, ka 6 ndi khadi la graphics, ka 7 ndi motherboard yeniyeniyo, ka 8 ndi BIOS yowonongeka. Kulira kuja kumasiya pakapita kanthawi koma getsi limapitiriza kuphethira, nde olo mwafika mochedwa mukhoza kuwerengabe. Ma Dell ngati T3600 ali ndi timagetsi tolembedwa 1 2 3 4 kutsogolo, tomwe tayaka ndi tomwe tikunena nkhani, matanthauzo ake ali mu service manual ya modeli yanu yomwe imapezeka ulele pa webusaiti ya Dell. Musagwiritse ntchito tebulo la modeli ina, zimasiyana.

Mwa onsewa amene mukumane naye kwambiri ndi kasanu uja.

RAM, apa ndi pomwe ambiri amagwera

DDR3 ndi DDR4 sizilowana, DDR3 ili ndi mapini 240, DDR4 288, ndipo kamng'alu kake kali malo osiyana, nde apa palibe amene amasokoneza kwambiri. Z420 ndi T3600 ndi za DDR3, Z440 ndi T5810 ndi za DDR4. Msampha uli mkati mwa mtundu umodzi womwewo, poti RAM yamitundu itatu inayi imalowa mu slot imodzi bwinobwino mpaka kulira kuti thwa, koma makina osayaka.

Tengani ka RAM kaja muwerenge sitika yake. Pa DDR3 mupeza zolemba ngati PC3-12800R, chilembo chakumapetocho ndiye nkhani yonse. R ndi registered, yomwe ena amati RDIMM, ija ya ma server. E ndi ECC, RAM yodzikonzera yokha tizolakwika, koma unbuffered, kutanthauza yosakhala registered. U ndi RAM wamba ya pa desktop. L ya kumapeto, ngati PC3-14900L, ndi load reduced. Koma chenjerani, pali L ina imene imabwera kutsogolo, PC3L-10600R, iyoyo imangotanthauza kuti RAM ndi ya 1.35V m'malo mwa 1.5V, si load reduced ayi, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. Pa DDR4 zimalembedwa ngati PC4-2133P-RA0, chilembo choyamba pambuyo pa kamzere kachiwiri ndi chomwe mukufuna. Sitika ikakhala kuti inamatuka yang'anani ka bolodi komweko, registered imakhala ndi ka chip kena kapadera pakati penipeni, ndipo ECC mukawerenga tima chip timakhala 9 kapena 18 osati 8 kapena 16.

Lamulo lake nlakuti R ndi E sizisakanizidwa, R ndi L sizisakanizidwa, R ndi U ndiye musaganize nkomwe. Mitundu iwiri mu makina amodzi basi kasanu kayamba. Ndipo zimachitika motere, makina abwera ndi tima 4GB ta E, munthu wapeza ma 16GB a R otchipa poti ma server akale amawataya ambirimbiri, wawonjezera osachotsa zakale zija poganiza kuti RAM ndi RAM. Chotsani zakalezo, siyani zatsopano zokha, nthawi zambiri imayaka pomwepo. Z440 imafuna registered ECC basi, RAM ya pa kompyuta ya masewera siigwira. Mbali inayo, ngati chomwe muli nacho ndi desktop ya muofesi ya Core i5 kapena i7, RAM ya R ija siyaka olo pang'ono, kutchipa kwake kusakukopeni.

Chachiwiri ndi dongosolo la ma slot. Ma CPU amenewa ali ndi ma channel anayi ndipo pali slot yoyambira, simungosomeka paliponse pamene pakusangalatsani. Tembenuzani chivundikiro, kumbuyo kwake kumakhala chithunzi chosonyeza kuti yoyamba ndi iti yachiwiri ndi iti. Pa makina a ma CPU awiri ngati Z820, ma slot a CPU yachiwiri amakhala akufa ngati CPU yachiwiriyo palibe, mukaikamo RAM siwerengedwa.

Kuyesa kwake yambani ndi kamodzi kokha mu slot yoyamba. Kayaka? Zimitsani, chotsani, ikani kena mu slot yomweyo, mpaka tonse titayesedwa. Kamene kakana kaikeni pambali koma musakataye kaye, pukutani mano ake agolide aja ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl alcohol kapena labala yofufutira pensulo, pemererani fumbi mu slot, muyesenso. RAM yomwe yakhala zaka mu server kapena mu katoni imachita dzimbiri losaoneka ndi maso. Posomeka kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka timaloko titseke tokha, ma slot akale amalimba ndipo munthu umaopa kuthyola nde umasiya mbali imodzi ili m'mwamba pang'ono, kuyang'ana ngati yalowa chonsecho ayi.

Palinso ija yoti makina akuyaka koma mwaika 64GB akuonetsa 48GB. Ngati RAM yonse payokhapayokha ikugwira ndiye kuti channel imodzi yagona, ndipo gwero lake nthawi zambiri si RAM koma pansi pa CPU, mwina kapini kapindika mu socket kapena heatsink mwaimanga mopendekera, mbali imodzi yothina kwambiri. Masulani, mangani ma screw modumphanitsa ngati X, pang'onopang'ono, osamaliza imodzi kaye kenako ina.

Liwiro lisakudandauleni. Mwagula RAM ya 2400 koma pulogalamu ya CPU-Z ikuti 2133, palibe chalakwika, ma Xeon E5 ali ndi mibadwo v1 mpaka v4, ma v3 amathera pa 2133, ma v4 ndi amene amafika 2400. Chimodzimodzi pa DDR3, v1 imathera pa 1600, v2 pa 1866, ndipo ma CPU ang'onoang'ono am'banjamo amathera pansi kuposa apo.

CPU yalowa mu socket koma BIOS sikuidziwa

Kulowa si kugwira. LGA 2011 ndi LGA 2011-3 ndi ma socket awiri osiyana olo maina akufanana, yoyamba ndi ya E5 v1 ndi v2, yachiwiri ya v3 ndi v4. Ma E5-2400 ndi a socket inanso, LGA 1356, amenewa amakola anthu poti dzina likungosiyana nambala imodzi. Ndipo ma E5-1600 sagwira awiriawiri, pa makina a ma CPU awiri pamafunika ma 2600.

Koma yowawa kwambiri ndi ya Z420, Z620 ndi Z820. Makina amenewa anatuluka 2012 ndipo ali ndi ma motherboard a mibadwo iwiri, kunja osasiyana. Lowani mu BIOS ndi F10, pitani pa System Information, fufuzani mzere wa Boot Block Date. Ikalemba 12/28/2011 ndiye kuti bolodi yanu ndi ya v1 yokha, E5-1650 v2 kapena E5-2697 v2 ija siyaka, mafani azingothamanga sikirini bii. Ikalemba 03/06/2013 ndiye mwayi wanu, v2 ilowa. Kupanga update BIOS mwanjira yanthawi zonse sikusintha deti imeneyi. Alipo amene amalemba chip ya BIOS ndi kachipangizo kotchedwa programmer koma imeneyo ndi ntchito ya munthu wokonzeka kutaya bolodi, ine ndingati ngati muli ndi ya 2011 ingopezani v1 yabwino ngati E5-2690 mukhale pansi. Kwa Dell nkhani nyosavuta, T3600 ndi ya v1, T3610 ndi imene imalandira v2.

Pa Z440 ndi T5810 ma v4 amagwira koma BIOS ikhale yatsopano. Dongosolo lake nlofunika, update imapangidwa CPU yakale ili momwemo, kenako nkusintha. Mukayamba nkusintha CPU mulibe polowera. Ndipo pamene BIOS ikulembedwa musakhudze kanthu, mafani akhoza kukuwa, sikirini kuthima, makina kuyaka kuthima, asiyeni amalize okha. Ngati muli ndi UPS ino ndi nthawi yake.

Onaninso zolemba pamwamba pa CPU. Ikakhala yolembedwa Intel Confidential ndi engineering sample, ma ES, ma CPU oyesera a ku fakitale, ndipo BIOS ya HP ndi Dell nthawi zambiri imawakana.

Pang'ono za kusankha, poti ambiri amatengeka ndi kuchuluka kwa ma core. E5-2699 v3 ili ndi ma core 18 koma imayambira pa 2.3GHz, pomwe E5-1650 v3 ili ndi 6 okha koma pa 3.5GHz. Pa rendering ndi ma virtual machine yoyamba ija ndi chilombo, pa masewera ndi ntchito za tsiku ndi tsiku yachiwiri imamveka yopepuka. Munthu amapanga upgrade nkumadabwa kuti bwanji ikuchedwa kuposa kale, palibe chawonongeka, mwagula thirakitala mukufuna kuthamanga mpikisano. Komanso v1 ndi v2 zilibe AVX2, gulu la malangizo a mu CPU, nde masewera ndi mapulogalamu ena atsopano ofuna AVX2 amangotseka osanena chifukwa, imeneyo palibe mankhwala ake kupatula kusamukira ku makina a v3.

Khadi la graphics ndi nkhani ya magetsi

Apa mavuto ndi awiri ndipo amaoneka mosiyana. Loyamba, khadi latsopano sikirini osaonetsa kanthu kuyambira poyatsa. Lachiwiri, zonse zili bwino mpaka mutatsegula gemu kapena kuyamba render, basi makina phwii kuthima ngati wina wazula chingwe.

Loyambalo kawirikawiri ndi kusamvana kwa UEFI ndi Legacy, njira yatsopano ndi yakale yomwe BIOS imayatsira kompyuta. Makhadi akale ambiri a 2012 kubwerera m'mbuyo samva UEFI, nde Secure Boot ikakhala yoyatsa sakuonetsani kanthu, pomwe makhadi ena atsopano amavuta pa BIOS yakalekale yomwe ili pa Legacy. Bwezerani khadi lomwe linkagwira, lowani mu BIOS, F10 pa HP, F2 pa Dell, F1 pa Lenovo, pangani update, zimitsani Secure Boot, sinthani za Legacy Option ROM muyese mbali zonse ziwiri. Musanachotse khadi lakale chotsani ma driver ake ndi pulogalamu ya DDU, Display Driver Uninstaller, muli mu Safe Mode ya Windows, makamaka ngati mukuchoka ku Nvidia kupita ku AMD. Makhadi a Intel Arc ndiye asiyeni, amadalira Resizable BAR yomwe makina akalewa alibe, ayaka koma mphamvu yake simuiona.

Lachiwirilo ndi masamu basi. Slot ya PCIe imapereka 75W, chingwe cha mapini 6 chimawonjezera 75W, cha mapini 8 150W. RX 580 imadya cha m'ma 185W, RTX 3060 170W, GTX 1660 Super 125W. Tsopano yang'anani power supply yanu, poti modeli imodzi inkagulitsidwa ndi ma power supply osiyana. T3600 ilipo ya 425W ndi ya 635W, T5810 ilipo ya 425W, 685W ndi 825W, Z440 ilipo ya 525W ndi ya 700W. Zing'onozing'onozo nthawi zambiri zilibe chingwe cha khadi nkomwe, ndipo wogulitsa sanena, amangolemba kuti Z440 basi.

Ndiye munthu akaona kuti chingwe palibe amakagula adaputa yochoka pa SATA kupita ku mapini 6 kapena 8. Imeneyi nde ayi abale. Mutu wa SATA unapangidwira cha m'ma 54W pa 12V, inu mukufuna kukokapo 75W kapena 150W, pulasitiki imasungunuka, fungo la waya wopsa, zikavuta moto. Adaputa yochoka pa 6 kupita pa 8 ndiyabwinoko koma kumbukirani kuti siwonjezera magetsi, imangosintha mutu. Werengani sitika ya power supply, muone ma amp a njira yopita ku khadi, chulukitsani ndi 12. Ikalemba 18A ndiye 216W, apo khadi lapakatikati likhoza kukhala. Kugawa chingwe chimodzi kukhala mitu iwiri ya 8 kuti mudyetse khadi lalikulu ndi kuziputa dala.

Mukaganiza zongoikamo power supply wamba ya ATX dziwani kuti siingolowa. Z420 ndi Z440 zili ndi mutu wa mapini 18 osati 24, ndipo ma Dell aja power supply yake imachita kulowetsedwa ngati kabati nkukalumikizana ndi ka bolodi kogawa magetsi. Ma adaputa alipo koma njira yopanda mutu kupweteka ndi kupeza power supply yaikulu ya modeli yomweyo pamodzi ndi zingwe zake. Kapena ingosankhani khadi losafuna chingwe, GTX 1050 Ti, GTX 1650 zija zopanda mapini, RTX 3050 ya 6GB, zimadya za mu slot zokha.

Power supply yokha mukhoza kuiyesa. Ma Dell ambiri ali ndi kabatani ndi kagetsi kumbuyo, mukadina kagetsi kayake kobiriwira fani izungulire. Pa HP mumaichotsa ku motherboard nkuisomeka ku magetsi yokha, kagetsi kobiriwira kakayaka ndiye ili moyo. Koma kuitsegula mkati musayerekeze, ma capacitor ake amasunga magetsi oti nkukuvulazani olo mwazula kalekale.

Kanthu kena kakang'ono, makhadi ataliatali m'mwamba chingwe chake chimagunda chivundikiro, mukatseka mokakamiza khadi limapendekeka mu slot. Ngati ikuyaka chitsegulire koma kukana mukatseka, vuto ndi limenelo, pezani chingwe cha mutu wokhota.

SSD ikuoneka koma Windows osayambirapo

Makina amenewa alibe malo a M.2 osomekapo ma SSD ang'onoang'ono, timagwiritsa ntchito ka adaputa ka PCIe. Onetsetsani kuti SSD ndi ya NVMe osati M.2 ya SATA, ya SATA imakhala ndi timing'alu tiwiri pomwe NVMe nthawi zambiri kamodzi, ndipo ya SATA pa adaputa wamba ya PCIe sioneka. Pa Z440 ndi T5810 za BIOS yatsopano NVMe imabuta bwinobwino bola muike Windows mu UEFI, disk ikhale GPT osati MBR. Pa Z420 ndi T3600 BIOS sidziwa kubuta pa NVMe, Windows ilola kuikidwa, mafayilo akopedwa, restart, kenako no boot device. Sikuti SSD ndi yabodza. Alipo amene amadutsira pa Clover, ka pulogalamu kobutira koikidwa pa flash, zimatheka, koma tsiku lomwe flash ija idzafe kapena wina kuizula kompyuta siyaka. Kwa ine SATA SSD ya Windows, NVMe ya mafayilo ndi masewera, nkhani yatha, kusiyana kwa liwiro poyatsa simungakuone nkomwe. Ingoonani kuti SATA SSD mwaisomeka pa doko la 6Gb/s, poti ma bolodi a LGA 2011 ali ndi ochepa otere, ambiri ndi a 3Gb/s.

Poika Windows zulani ma disk ena onse. Ili ndi khalidwe loika mafayilo obutira pa disk ina yomwe yaipeza, tsiku lochotsa hard drive yakale ija nkudabwa kuti SSD siyakanso.

Kabatire kamene kamanamizira ena

Vuto likamabwera lokha, lero ikuyaka mawa ayi, makamaka mukaizula ku magetsi usiku, nthawi ndi deti nkumabwerera m'mbuyo, ganizirani CR2032. Kabatire kozungulira ka 3V ka pa motherboard, pa makina a zaka 10 kamakhala katatha kalekale. Kakafooka BIOS imaiwala zonse zomwe munakonza, ndipo choopsa ndi SATA mode. Munaika Windows pa AHCI, BIOS yabwerera ku RAID, mukuyatsa nkulandiridwa ndi sikirini ya buluu yoti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Anthu amafomata disk apa chonsecho pamangofunika kubweza setting imodzi. Zomwezi zimachitika mukadina kabatani kachikasu ka CMOS pa bolodi ya HP, kofufuta ma setting a BIOS. Jambulani masamba a BIOS ndi foni zinthu zikuyenda, ndipo kabatire kasinthireni tsiku lomwe makina afika, osadikira.

Mauthenga a F1 ndi kuthima pakati pa ntchito

HP ikamaima poyaka nkumati fan not detected dinani F1, si kuwonongeka, ikungowerenga mafani ake. 511 ndi fani ya CPU, 512 ndi ya kumbuyo. Zimayamba mukaika fani kapena cooler wamba poti mitu ya HP ili ndi mapini owonjezera omwe bolodi imazindikirira kuti chalumikizidwa nchiyani. Mukadzaza RAM yambiri imathanso kufuna fani ya memory, ndipo imeneyo ndibwino kuipeza ndithu osangodina F1 tsiku ndi tsiku, RAM ya registered imatentha.

Za kutentha kwa CPU sindichedwapo. Paste wakale amauma gwa ngati choko, pukutani, pakani watsopano, pemererani fumbi mu heatsink mutagwira fani kuti isazungulire, onani ma temperature pa pulogalamu ya HWiNFO. Ngati mwachoka pa CPU yaing'ono kupita pa ya 150W ngati E5-2687W fufuzani ngati heatsink yanu ndi ya msinkhu umenewo.

Makina akamathima kapena kupanga restart okha, Event Viewer ya mu Windows ikuonetsani Kernel-Power 41, koma imeneyi imangonena kuti kompyuta inathima mosatsanzika, sinena chifukwa. Lekanitsani zinthu. MemTest86 pa flash kuyesa RAM, isiyeni usiku wonse. Prime95 yokha kuyesa CPU. FurMark yokha kuyesa khadi. Kenako Prime95 ndi FurMark pamodzi. Chilichonse payekha chikadutsa koma pamodzi nkuthima, ndi power supply, palibenso kufunsa. Muonenso mauthenga a WHEA mu Event Viewer, onena za zolakwika za hardware, poti RAM ya ECC imakonza tizolakwika mwakachetechete, ka RAM kodwala kakhoza kukhala miyezi kakubisala kumbuyo kwa ECC inu osadziwa, WHEA ndi imene imaulula.

Nanga motherboard imafa liti? Mwabwezera zakale zonse, ka RAM kamodzi kodziwika kuti nkabwino, kabatire katsopano, CMOS mwapanga reset, power supply yadutsa mayeso ake, koma zii kapena HP ikuphethira ka 7. Chotsani CPU, walitsani tochi ya foni chammbali pa socket, mapini onse amanyezimira mofanana, kopindika kamaoneka ngati kadontho kosiyana ndi anzake. Kamodzi kapena tiwiri timawongoleka ndi singano ndi dzanja losanjenjemera. Tikakhala tambiri kapena kena kathyoka, yambani kusaka bolodi ina ya modeli yomweyo, ndipo ngati ndi Z420 muuzeni wogulitsa akutumizireni chithunzi cha Boot Block Date musanalipire.